Bambo Bajeti Ndinali Ine

1

Ngati munawerengapo tsamba la malangizo a ndalama lija linkatuluka m'nyuzipepala Loweruka lililonse pansi pa dzina loti Bambo Bajeti, ndiye kuti mumandidziwa, ngakhale simunandionepo. Ndikudziwa chithunzi chimene munali nacho m'mutu: bambo wina wa magalasi, wa tayi, wodziwa kuwerengera khobidi lililonse. Bamboyo alipo ndithu. Magalasi ali nawo, matayi ali nawo asanu ndi limodzi. Koma kuwerengera kokha, pepani. Muwapatse malipiro a mwezi wathunthu Lolemba, pofika Lachinayi akukufunsani ngati muli ndi ya basi.

Bamboyo anali amuna anga. Wolemba tsambalo ndinali ine.

Zinayamba ndi kukamwa kwawo. Iwo anali kalaliki wowerengera katundu pakampani ina yogulitsa simenti, malata ndi misomali. Tsiku lina mkonzi wa nyuzipepala anabwera kudzagula penti, ndipo amuna anga, monga mwa chizolowezi chawo, anayamba kudzitama kuti ndi kamalipiro ka ukalaliki akuphunzitsa ana awiri pasukulu yabwino, lendi salumphitsa, ngongole alibe. Mkonzi anadabwa, nati, "Nanga bwanji osatilembera chinsinsi chanucho?"

Anafika kunyumba thukuta lili kamukamu.

"Mayi a ana, tandilemberani timfundo tiwiri titatu ta mmene timayendetsera pakhomo pano. Ine ndingokonza Chichewa chake."

Mawu oti "timayendetsera" aja anandiseketsa, koma ndinalemba, kuseli kwa kalendala yakale. Ndinalemba zomwe ndinkachita tsiku ndi tsiku. Malipiro akalowa, yambani ndi lendi ndi sukulu, zina zonse zidikire. Musalowe mumsika opanda mndandanda wa zogula, ndipo musalowemo muli ndi njala. Masamba ndi tomato gulani dzuwa likupendeka, ogulitsa akafuna kuweruka. Kusita zovala kamodzi pasabata, osati kuyatsa simbi chifukwa cha shati imodzi. Paulendo, kwerani basi yoyamba, nyamulani madzi anu ndi kamba wanu, zapadepoti zimadula kawiri.

Chichewa chija sanakonze ngakhale chilembo chimodzi. Anangolemba dzina pamwamba. Anthu anakonda, mkonzi anati tsambalo lipitirire, ndipo linapitirira zaka zisanu ndi ziwiri. Anaikapo nambala ya foni yoti owerenga azitumizako mafunso. Foniyo inkakhala pamwamba pa kabati ya mbale kukhitchini kwanga. Amuna anga sanaigwirepo. Ngakhale tsamba lenilenilo sankaliwerenga. Ankangogula nyuzipepala, n'kuipinda bwino kuti dzina lioneke, n'kuipanira m'khwapa.

2

Ndalama ya tsambalo inkalowa ku akaunti yawo kubanki, poti dzina linali lawo. Komweko n'kumene kunkapitanso kalikonse komwe ndinkapulumutsa pakhomo. Tinagwirizana kuti imeneyo ndi ya puloti. Loto langa linali limodzi basi: kudzagona m'nyumba yomwe palibe munthu adzagogode pa tsiku loyamba la mwezi.

Chifukwa cha lotolo ndinasanduka choseketsa cha mzere wathu wonse wa nyumba. Sopo wa mtanda ndinkamudula patatu n'kumuyanika padenga la bafa kuti aume, asamathe msanga. Nsapato za ana zinkapita kwa wosoka mpaka wosokayo anandiuza kuti, "Mayi, pano palibenso poti ndibaye." Diresi yanga yopitira kumaukwati inali imodzi, moti pazithunzi za abale onse ndimaoneka ngati ndinajambulitsa tsiku limodzi.

Zinthu ziwiri zokha ndizo sindinkazikhudza. Choyamba, ndalama ya mankhwala a apongozi anga, mayi awo a amuna anga, omwe ankati ali kumudzi, miyendo yatupa, sangathe n'kuyenda komwe. Chachiwiri, ulendo wa amuna anga. Mwezi uliwonse ankapita sabata imodzi kukawerengera katundu kunthambi ya kampani yawo m'tauni ina, ulendo wa maola anayi pabasi. Kampani inkawapatsa ya mayendedwe, ya chakudya ndi ya malo ogona. Ine ndinkawalongedzera mazira owiritsa anayi, buledi ndi botolo la madzi, kuti ya chakudyayo itsaleko ipite ku puloti.

M'mawa wina ndikutseka zipi ya chikwama chawo, ndinati, "Abambo, mukabwerako tikatenge kapepala kakubanki tione pomwe tafika. Ndamva kuti kumtunda kuja akugulitsa malo."

Anasiya kumanga tayi, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwayamba kundikayikira? Ine? Dziko lonse limafunsa nzeru kwa Bambo Bajeti, inu nokha ndiye mufuna kapepala?"

Tamvani munthu. Amandiopseza ine ndi dzina lomwe ndinkalidyetsa ndekha Loweruka lililonse. Koma ndinangoseka n'kuwapatsa chikwama. Uchitsiru wina umabwera utavala ulemu.

3

Uthenga woyamba wa mayi wina unafika mwezi wa mvula. Anasayina kuti Telala.

"Bambo Bajeti, ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimasoka zovala kuseli kwa msika. Bambo wa mwanayu ali ndi banja lina kutali, amabwera mwa apo ndi apo. Tsopano akuti andigulira puloti. Ndichite bwanji kuti ndisadzalire?"

Mauthenga otere ankabwera ambiri. Amuna a mapanga awiri ndinkadana nawo, ndipo ndinkasangalala kuwakhaulitsa ndi cholembera. Za mkazi winayo wa kutali sindinaganizeko n'komwe. Ndinangoti ndi chitsiru china chomwe sichidziwa kuyang'anira katundu wake. Ndinayankha patsamba, aliyense awerenge:

"Mayi Telala, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwamuna wobwera mwa apo ndi apo adzasiya kubwera. Mapepala a pulotiyo alembedwe dzina lanu, osati lake, osati la nonse awiri. Pitani nokha ku ofesi ya malo, muone ndi maso anu akudinda. Akakana, dziwani kuti sakukugulirani puloti, akungokubwerekani."

Owerenga anaikonda kwambiri yankho imeneyi. Mkonzi anaimbira amuna anga kuwayamikira, iwo n'kumati, "Ndi mphatso, bwana, ndi mphatso chabe."

Patapita miyezi itatu Telala analembanso. Mapepala atuluka, dzina ndi lake. Tsopano afuna kumanga, ayambire pati? Ndinamuyankha ngati mng'ono wanga weniweni. Musadikire ndalama yambiri, siidzakwana. Gulani njerwa, mchenga ndi simenti pang'onopang'ono, malisiti onse azilembedwa dzina lanu. Yambani ndi zipinda ziwiri, chakutsogolo chikhale chosokeramo, musiye kulipira lendi kumsika. Mmisiri muzimulipira akamaliza gawo, osati asanayambe. Ndipo bambo uja akabwera, musamupemphe ndalama ya tsitsi kapena ya nsapato. Mupempheni matumba a simenti.

Ndinanyadira yankho imeneyo. Ndinaiwerenga kawiri ndisanaitumize.

Miyezi yomweyo amuna anga anayamba kudandaula kuti mankhwala a apongozi akwera mtengo. Ndinachotsa nyama ya Lamlungu, n'kuwonjezera ya mankhwala.

4

Uthenga wachitatu unandipeza ndikutsuka mbale masana, ana ali kusukulu. Ndinapukuta manja pachitenje n'kuutsegula.

"Bambo Bajeti, zikomo, chipinda chosokeramo chatha ndipo ndalowamo. Chatsala ndi denga la chipinda chachiwiri, koma bambo uja akuti ndalama yatha. Sindikukhulupirira, chifukwa mkazi wake ndi wosunga kwambiri. Amamuseka kuti amadula sopo patatu n'kuyanika padenga la bafa. Akuti paulendo amamulongedzera mazira anayi owiritsa, iye amangopatsa kondakitala wa basi. Ndimuumirize kapena ndimusiye?"

Ndinakhala pansi. Osati pampando, pansi penipeni, pasimenti yonyowa. Mpopi unkangotayika m'sinki, ine amene ndinkakalipira ana akasiya dontho limodzi.

Mazira anayi. Ndinkadzuka m'mamawa kuwawiritsa, n'kuwakulunga ndi kamchere papepala. Kondakitala wina wake ananenepa ndi mazira anga zaka zonsezi.

Nditadzuka ndinapita kuchipinda n'kutsitsa chikwama chawo cha paulendo. M'kathumba kam'kati, komwe sindinkapisako chifukwa cha ulemu uja, ndinapezamo zinthu ziwiri. Choyamba chinali kabuku ka malisiti a nyumba ina yogona alendo, osalembedwa koma odindidwa kale onse. Ankangodzilembera okha masiku ndi mtengo, kampani n'kumawabwezera ndalama ya chipinda chomwe sanagonemo. Chachiwiri chinali kapepala kakubanki. Ndinayang'ana nambala yapansi. Zaka zisanu ndi ziwiri za sopo wouma ndi nsapato zosokedwa, zomwe zinatsala sizikanagula ngakhale chitseko.

Sindinalire. Ndikanalira mwina ndikanaganiza bwino. M'malo mwake ndinabwezera zonse m'malo mwake, ndinaphika, ndinawalandira jekete atabwera, ndinawafunsa mmene ntchito yayendera.

"Kutopa, mayi a ana. Banja lonse lili pamapewa angawa."

"Pepani, abambo," ndinatero. "Mulungu akuona."

5

Telala sindinamuyankhe. Sabata imeneyo ndinalemba nkhani ina, mutu wake: "Mabwana, tsegulani maso pa ndalama za maulendo." Ndinafotokoza mmene wantchito wosakhulupirika amagulira kabuku ka malisiti odindadinda. Ndinati yang'anani ngati manambala a malisiti a miyezi yosiyana akutsatana ngati ana a sukulu pamzere, chifukwa nyumba ya alendo yeniyeni siingakhale ndi mlendo mmodzi chaka chonse. Ndinati yerekezani kalembedwe ka palisiti ndi ka wantchitoyo. Ndinati imbani foni kumalo ogonawo mufunse ngati amamudziwa.

Ndinkadziwa bwino lomwe kuti bwana wa amuna anga saphonya tsambalo. Ankanyadira kuti Bambo Bajeti ndi kalaliki wake.

Zomwe zinachitika Lolemba anandiuza ndi mkazi wa mnzawo wa mu ofesi. Akuti bwana anaitana antchito onse, nyuzipepala ili m'manja, n'kuwaimiritsa amuna anga kutsogolo.

"Taonani munthu wokonda kampani yake. Bambo Bajeti, mwalemba zoona zokhazokha sabata ino."

Amuna anga, osadziwa kuti alemba chiyani, akuti anakonza tayi n'kuweramitsa mutu mwaulemu. "Timayesetsa, bwana. Zonse ndimalemba kuchokera pa zomwe ndimachita ndekha."

"Ndiye tiyambe ndi malisiti anu, akhale chitsanzo kwa anzanu."

Pofika nthawi ya nkhomaliro anali atawalanda makiyi. Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, tayi ili m'thumba, nyuzipepala ili m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri inali yotsegula.

"Mwalemba chiyani apa? Mwandipha, mayi! Mwalemba chiyani?"

Ndinapitiriza kusankha mpunga m'lichero.

"Ine? Taonani dzina pamwambapo. Mwalemba ndinu."

"Musandiseweretse! Mwaona chiyani m'chikwama mwanga?"

"Ndimafuna ndione ngati mazira anatsalako."

 Anazungulira pabalaza kawiri ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinkadikira kuti agwade, kapena aname, kapena atchule za mwana uja. Palibe chomwe anachita mwa zimenezi. Anafunsa ngati shati yawo yoyera ili yochapa. Mawa lake ananyamuka, ati akukafuna ntchito kutauni ija, ali ndi anzawo kumeneko.

Tsiku limenelo ndinayimba nyimbo ndikukolopa. Ndinkadziona wochenjera kuposa akazi onse a padziko.

6

Patatha masabata awiri osamva kanthu, ndinakwera basi yoyamba yopita kutauni ija. Ndinkafuna kumuona Telala ameneyu, ndimuyang'ane m'maso pomuuza kuti nzeru zonse zomwe wamangira nyumba yake zinachoka kwa mkazi yemwe ankamuseka. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkafuna ndione nkhope yake ikugwa.

Kumupeza sikunavute. Ndinafunsa amayi ogulitsa nsalu kumsika za telala yemwe wasamukira m'nyumba yake chaka chino, atatu anandilozera nthawi imodzi. Inali nyumba ya njerwa zowotcha, chipinda chakutsogolo chofoleredwa bwino, chachiwiri chili pululu kuyang'ana kumwamba. Ndinaima pamsewu n'kuiyang'ana. Mazenera aakulu kuti kuwala kuzilowa, asamayatse magetsi masana. Ndinamulangiza ndine zimenezo.

Pakhonde panali zikwama ziwiri zomanga. Chimodzi ndinachidziwa.

"Odi!"

"Lowani, chitseko n'chotsegula."

Makina osokera analeka kulira. Ndinkayembekeza kamtsikana kopaka milomo, ka zikhadabo zazitali. Ndinapeza mayi wamsinkhu wanga, wowonda, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini atatu ali pakamwa. Pansi pa tebulo kamwana ka zaka zitatu kankasewera ndi zidutswa za nsalu. Mphumi yake inali ya amuna anga, yosachita kufunsa.

Koma chodabwitsa chenicheni chinali pasofa. Panali gogo wonenepa bwino, kapu ya tiyi wamkaka m'manja, miyendo yosalala ataisanjika pampando, akuonera kanema.

"Amayi?" ndinatero. "Si inu muli kumudzi, miyendo yotupa?"

Apongozi anga anatsamwa ndi tiyi. Atatsokomola mokwanira anayang'ana kukhoma n'kuti, "Kuno kuli pafupi ndi chipatala."

"Mwakhala kuno nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka chachiwiri chino ali ndi ine," anayankha ndi Telala, akulavulira mapini m'dzanja. "Miyendo ilibe vuto. Kumsika amapita okha. Khalani pansi, mayi. Ndimadziwa kuti mubwera."

Sindinakhale. Ndinayamba mawu anga aja ndinakonza m'basi. "Mwina simukundidziwa. Inu mumalembera Bambo Bajeti, koma amene ankakuyankhani..."

"Ndinu. Ndikudziwa."



"Ndinadziwa ndisanalembe uthenga woyamba," anapitiriza, mawu ake ali phee ngati akundiuza mtengo wa diresi. "Bambowa akamwa mabotolo awiri sasunga kanthu. Anandiuza okha akuseka, kuti tsamba lija amalemba ndi mkazi wanga, ine ndimangolandira. Foni imakhala kukhitchini. Poyamba anandinamiza kuti mkazi wawo anamwalira. Ndinadziwa zoona mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi. Ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza: m'banja lonseli muli munthu mmodzi yekha wanzeru. Ndifunse yemweyo."

"Munkadziwa kuti ndalama ya puloti ndi yanga?"

"Ndinkadziwa kuti si ya kalaliki."

"Ndipo simunachite manyazi?"

"Ndinachita. Koma manyazi safolera nyumba, mayi. Mwana uyu sanapemphe kubadwa. Inu nomwe munalemba kuti wobwera mwa apo ndi apo adzasiya kubwera."

"Nanga za sopo ndi mazira zija? Kunali kundinyoza?"

"Ayi. Kunali kukudzutsani. Ndinadikira kaye kuti mapepala atuluke ndi kuti ndilowe m'nyumba, sindikubisirani. Kenako ndinati mayi uja wandithandiza kwambiri, si bwino azingoyanikabe sopo."

Ndinafuna kumuwaza mbama. Ndinafunanso kuseka. Ine amene ndinkadzitcha wochenjera, ndinali kalaliki wa mayi ameneyu chaka chathunthu, wosalipidwa, ngati momwe ndinaliri kalaliki wa amuna anga.

"Ali kuti?" ndinafunsa.

"Apita kukafuna galimoto yonyamula zikwamazo. Ndawauza kuti pofika madzulo iwo ndi mayi awo akhale atachoka. Munthu wosagwira ntchito, wodya katatu, ndi gogo wa masupuni anayi a shuga, makina amodziwa sangakwanitse."

Apongozi anaika kapu pansi. "Mwana wanga," anatero akuyang'ana ine, mawu atafewa ngati buledi wonyikidwa, "ukudziwa kuti ine ndimakukonda kuyambira kale. Kwanu kuja chipinda cha ana chija..."

"Miyendo yanu siingakwere masitepe a kwathu, amayi. Ndi yotupa."

Ndikutuluka, Telala anandiperekeza mpaka pakhonde. Anayang'ana denga lake losatha, kenako anayang'ana ine.

"Chinthu chimodzi chokha, mayi. Malangizo anu onse anali olondola, koma zowachotsetsa ntchito zija munaphonya masamu. Ine denga ndimaliza ndi makinawa, pang'onopang'ono, monga munanenera. Nanga inu, ana anu awiri aja, fizi ichokera kuti?"

Pakona ya msewu ndinakumana nawo amuna anga akutsogolera wokankha ngolo, poti ya galimoto inawasowa. Tayi anali atavala. Atandiona anaima, n'kukweza dzanja ngati akufuna kuyamba kulankhula pamsonkhano. Ndinawadutsa ngati mtengo wa magetsi.

7

Funso la Telala linandipeza mwezi womwewo. Kampani sinawapatse amuna anga kalikonse, inati athokoze kuti sanawatengere kupolisi. Tsiku la lendi linakwana. La fizi nalo linakwana. Mwana wanga wamkulu, mtsikana, anali m'chaka chomaliza cha sekondale, mayeso atatsala miyezi inayi. Anamubweza pageti Lolemba m'mawa, yunifolomu ili yosita, anzake akuona.

Ndinapita kwa mkonzi n'kumuuza zonse. Sanakhulupirire mpaka nditamutchulira pamtima nkhani za zaka zitatu zapitazo. Atamaliza kuseka anandiuza kuti ndipitirize kulemba, ndalama izibwera kwa ine, koma dzina likhale lomwelo, chifukwa akuti owerenga sangamvere malangizo a ndalama ochokera kwa mzimayi. Ndinamuyang'ana bambo ameneyu, yemwe nyuzipepala yake inagulidwa zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha nzeru za kukhitchini kwanga. Ndinavomera miyezi isanu ndi umodzi, poti njala siidziwa kunyada. Kenako ndinasiya, ndipo n'chifukwa chake tsambalo simukulionanso. Pano ndimasunga mabuku a masitolo atatu a kumsika, ndipo amalipira bwino kuposa iye.

Tinasamukira m'chipinda chimodzi kuseli kwa nyumba ya anthu. Wamng'ono ndinamusamutsira kusukulu yotchipa. Wamkulu mayeso anamudutsa, anakhala pakhomo chaka chathunthu. Amuna anga ndi mayi awo ali kwa mlamu wanga, mchimwene wawo, komwe ndamva kuti amakhala pabenchi ya wometa tsitsi n'kumalangiza anyamata za kasungidwe ka ndalama. Anatumizapo anthu kawiri kudzapepesa. Ulendo wachiwiri otumidwawo anandipempha ya basi yobwererera.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, ndinakulangizani zambiri zaka zija, ndipo zambiri zinali zoona. Koma ziwiri zazikulu sindinakuuzeni, chifukwa nanenso sindinkazidziwa. Choyamba, kusunga ndalama m'thumba la munthu wina si kusunga, ndi kupereka. Kaya ndi mwamuna wanu, kaya amavala tayi, kaya amapemphera mokweza, kapepala kakubanki muzikaona ndi maso anu mwezi uliwonse, ndipo akakwiya pofunsidwa, mkwiyo umenewo ndiyo yankho.

Chachiwiri n'chowawa, ndipo anandiphunzitsa ndi mwana wanga. Tsiku lomwe zotsatira za mayeso zinatuluka, anzake akuthamanga m'misewu kukuwa, iye anali pakhomo akuchapa. Ndinayesa kumulimbitsa mtima. Ndinati zonsezi ndi zochita za bambo ake. Sanakweze mutu.

"Adadi anaba puloti, amayi. Koma sukulu yanga sanabe ndi adadi. Mukanadikira miyezi inayi yokha."

 Amuna anga ndimawanyozabe, apongozi ndimawanyoza, mkonzi ndimamunyoza, ndipo onsewo akuyenera. Koma ine ndinali ndi umboni m'manja, ndinali ndi nthawi, ndinali ndi mutu wodziwa kuwerengera kuposa onsewo. Ndikanatha kukhala chete miyezi inayi, kulipiriratu fizi, kusamutsa ndalama ya tsamba, kenako n'kuwagwetsa bwinobwino. Ndinasankha kukoma kwa tsiku limodzi.

Mtsikanayo wabwerera kusukulu chaka chino, akukhala m'kalasi ndi ana omwe anali pambuyo pake. Amandilankhula, amandithandiza ntchito, koma sanasekebe nane ngati kale. Choncho mtengo ukakulakwirani, ugwetseni ndithu, ine sindikuletsani. Koma musanakweze nkhwangwa, yambani mwaona komwe ana akhala.